Bulauzi yoyera ya amama

Lolemba, 14 Julayi

Kuzizira. Pakhonde la shopu ya a Osward, pomwe ndimasokera, mphepo yokhayokha. Makasitomala awiri, mmodzi wongobwera kudzakalipa za thalauza lake la mwezi watha. Ndinaliiwala pansi pa thumba. Ine Florence, zaka 34, telala wodziwika Sinda yonse ndi zovala zosatha kusokedwa.

Amama avekedwa yunifolomu ya chigwirizano cha amayi a mpingo Lamlungu lino. Bulauzi yake wosoka ndine. Nsalu anandipatsa mu Meyi, mpaka lero sizasi sinaikhudze. Akakalowa m'tchalitchi opanda bulauzi, aliyense adziwa kuti ndi chifukwa cha ndani.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ku Katete, kuchipatala. A Edward, aphungu amene akhala akundifunsa mafunso miyezi iwiri, lero anena dzina la vuto langa: ADHD. Ati si ulesi, si kulodzedwa, mutu wanga umangothamanga njira zambiri nthawi imodzi. Chabwino. Nanga mankhwala? Ati tiyambe ndi pakamwa. Ndikadzitukwana m'kope muno ndifafanize, ndilembe chimene ndichite, chaching'ono, ndi tsiku lake. Ndichinenenso mokweza.

Ndinatsala pang'ono kuwaseka. Kukwera minibasi kudzaphunzira kulankhula ndekha?

Ndayesa. Ndinalemba kuti ndine chitsiru, ndafafaniza. M'malo mwake: mawa ndidula nsalu isanakwane 10 koloko.

Chitsirucho chikuwerengekabe pansi pa mzere.

Lachitatu, 16 Julayi

Ndadula. 11 koloko, osati 10. Ndiye ndakhoza kapena ndalephera? A Edward sananene.

Amama anafika ndi mbatata, n'kundipeza ndikuuza mashini kuti mawa ndilumikiza manja a bulauzi. Nkhope kusintha. Ati zimene ukufuna kuchita sunena pamsika, oipa mtima ali ndi makutu, ngakhale wapaulendo satchula tsiku. Atinso n'kudzitama. "Munthu amati ndiyesa, Mulungu akalola."

Manje ndimvere ndani? Ndikadzinyoza, a Edward akuti ndikudzithyola miyendo. Ndikanena zabwino, amama akuti ndikuitana tsoka. Ndikakhala chete ndimaiwala.

Lachinayi, 17 Julayi

Manja sindinalumikize. Ndinapita kukagula mabatani, ndinabwerako ndi tomato ndi nkhani za maliro a ku Nyanje. Mabatani ayi. Mutu wanga uno ndi dengu lobooka.

Ndafafaniza. Koma kodi n'kutukwana kumeneko? Si zoona? Zoona nazonso amafafaniza? Ndipo kunena kuti ndimaliza, ine amene sindinamalizepo kanthu pa nthawi yake, si bodza limenelo? Kaya.

Ndinanong'oneza m'nsalu momwemo kuti onse awiri asandidandaule: mawa manja, kenako mabatani, tomato ayi.

Loweruka, 19 Julayi

Yatha.

Dzulo sindinadye, sindinaone munthu. A Osward ati anandipatsa moni katatu, ine zii. Manja, kolala, mabatani asanu ndi limodzi, kusita. Koyamba m'moyo wanga kumaliza chinthu tsiku lisanafike. Ndinalira nditagwira mashini, anthu akudutsa.

Ndinathamanga nayo kwa amama. Pachingwe m'chipinda mwawo, bulauzi ina yoyera, yosita kale. Kasokedwe ka a Jairos, telala wa kuseri kwa msika. Ndimakadziwa ngakhale patali. Amama ati anasoketsa mu Juni.

"Ndimafuna kukubisira manyazi, mwanawe. Ndikanauza anthu kuti wasoka ndiwe."

Ndinawapatsabe yanga. Anaitembenuza mkati ndi kunja, n'kunena kuti yakoma. Sindikudziwa ngati ndakwiya. Mtima ukuwawa ndithu, koma alakwa chiyani? Zaka zonsezi wowaphunzitsa kusandidalira ndine. Kapena ayi. Kapena anayamba ndi iwo, ndili mwana, pondituma mchere n'kutumanso mkulu wanga pambuyo panga.

Lero chofafaniza ndilibe. Cholemba m'malo mwake ndilibenso.

Lamlungu, 20 Julayi

Avala ya a Jairos. Ati yanga ndi yabwino kwambiri, asungira misonkhano ya Lachinayi.

Potuluka amayi a chigwirizano kuwazungulira, uyu kugwira kolala, uyu manja, kufunsa wasoka ndani. Amama osaphethira n'komwe: "Mwana wanga Florence."

Nthungululu. Kundigwira chanza, kundiuza kuti ndasintha. Atatu akuti abweretsa nsalu mawa, akufuna kolala yomweyo. Ndinati zikomo. Mawu anatuluka okha.

Yanga ili m'sutikesi. Palibe wina waiona.

Ndiyenera kulemba za mawa, chaching'ono, ndi nthawi yake. Mawa amayi aja akafika ndiwauza kuti

Ndikawauza, amama asanduka abodza, yunifolomu isanagone n'komwe tsiku limodzi. Ndikapanda kuwauza