Ndavomereza Kuti Kestrane Ipite ku Mchinji

Aphungu,

Ndili ndi zaka 16 ndipo ndili ku sekondale kuno ku Glasgow. Anzanga si ambiri. Pa buleki ndimakhala pakona mulaibulale n'kumawerenga nkhani za makampani a magalimoto, makamaka a Kestrane, mtundu wa galimoto ya bambo anga. Ndimaikonda moti ndimazindikira kulira kwake isanakhote n'komwe kulowa mumsewu wathu.

Sabata yatha kunachitika zodabwitsa. Bambo, amene nthawi zambiri amandiitana akasowa rimoti, anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Iwe paja umadziwa za magalimoto. Iyi ndikufuna tiwatumizire amalume ako a Fryson ku Mchinji, azinyamulira anthu. Ukuti bwanji?" Aphungu, kufunsidwa maganizo ine! Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panali patayankha kale: "Tumizani, Dadi, n'chitsulo chimenechi!"

Chichokereni tsikulo ndine munthu. Bambo akumanditcha "a injiniya". Popita kutchalitchi ndikumakhala mpando wakutsogolo, mayi kumbuyo! Tikuweruka anandiloza pamaso pa madoda onse. Ataimba foni kumudzi, nthungululu zinamveka mpaka kukhitchini kwathu. Anti Yvonne alanda kale malo m'buti, akuti aikamo maduveti, zofunda zochindikala zija, a abale awo akumudzi. Ine ndikumangoseka ndekha m'basi, anthu n'kumasintha mipando.

Koma pali chimene sindinanene. Kampani ya Kestrane siidzilamulira yokha. Inagulidwa ndi kampani yaikulu ya Belmora, yomwe ili ndi mitundu inanso ya magalimoto. Mabwana a Belmora akhala akusintha oyang'anira Kestrane ngati malaya, anatseka galaja yake ya kuno, ndipo alengeza kuti asiya kupanga masipeya a mtundu wathuwu n'cholinga choti anthu azigula magalimoto awo enawo. Kuno masipeya tingawapeze kwa ophwasula magalimoto akale. Nanga ku Mchinji? Pampu ikangofa, nkhuku ziziikira mazira m'galimotomo.

Galimotoyi ikwera sitima kumapeto kwa mwezi uno. Ndikaulula, bambo achita manyazi kumudzi chifukwa analonjeza kale, ndipo sadzandifunsanso kanthu. Ndingokhala chete? Mwina siiwonongeka msanga.

T.M., Easterhouse, Glasgow

Zikomo a injiniya a ku Easterhouse,

Kalata yako yandiseketsa mpaka tiyi kutayika. Sangalala, mwana wanga, kufunsidwa nzeru ndi bambo ako si chinthu chaching'ono. Koma "mwina" wakoyo ndamukana. Iwonongeka basi. Msewu wa ku Mkanda nthawi ya dzinja suona nkhope. Tsiku limenelo amalume ako sadzaimbira mabwana a Belmora, omwe sadziwa n'komwe kuti kuli Mchinji. Adzaimbira bambo ako, ndipo bambo ako adzatembenukira iwe.

Lankhula nawo sabata yomwe ino, muli awiriwiri, osati kutchalitchi. Usayambe ndi mbiri ya makampani, angagone. Ungoti, "Dadi, tsiku lija ndinayankha mothamanga chifukwa chosangalala. Masipeya a galimotoyi asiya kupangidwa. Ndaganizako zochita." Bambo amamva bwino nkhani yoipa ikabwera ndi njira yake.

Njira yake ndi iyi. Jambulani injini, mutumize zithunzi pa WhatsApp kuti amalume akamuonetse makaniko wawo. Iye akati angaikwanitse, pitani nonse kwa ophwasula aja. Mtundu umene eni ake autaya umadzaza kumeneko, ndiye mukatole pampu, mabuleki, mashoko ndi mafyuluta, zipitire limodzi ndi galimotoyo. Maduveti achepetsedwe, koma zimenezo akawauze ndi bambo ako, iwe Anti Yvonne sungawathe.

Makaniko akapukusa mutu, igulitseni konkuno, mutumize ina imene masipeya ake amapezeka paliponse kwathu. Lonjezo linali la galimoto yoyenda. Amalume ako salira dzina lolembedwa pa boneti.

Mwina bambo akhumudwa tsiku limodzi kapena awiri. Pirira. Munthu amamufunsanso amene anamuuza zoona pa nthawi yake.

Chenjera ndi kuzengereza kokha. Lero ukadali mlangizi. Chitseko cha kontena chikangotsekedwa, udzakhala mboni chabe.

Aphungu