Mchere wa NaMoyo

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, koma mtima wanga ukutentha.

M'mawa wazaumoyo wochokera ku Boma anabwera pasukulu ya mishoni, pomwe timagulitsa zakudya kwa ana. Anagubuduza dengu langa la mbatata zophika, ati sindinavindikire ndiponso ndilibe chitupa chogulitsira. Ana anandiseka ndikutola mbatata m'fumbi. NaMoyo, wogulitsa nyemba pambali panga, chitupa anampatsa osasuzumira n'komwe mumphika. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Njinga ya bamboyu imagona kuseri kwa nkhokwe ya NaMoyo, mwamuna wake ali ku Joni.

Ndipo mchere m'nyembazo NaMoyo amathira yekha! Mkazi wachibwenzi akathira mchere m'chakudya cha ana, amawadula, anawo n'kuyamba kutsokomola ndi kutupa miyendo. Lamulo la azungu limaona zikhadabo ndi chivindikiro, za mdulo silidziwa. Amayi a ku Kandeu kuno ndiwo amadziwa.

Mawa ndilawirira kuchitsime. Bodza sindinena ayi. Ndikangofunsa apongozi ake a NaMoyo pagulu kuti, "Amayi, nyemba zimene ana athu akudya kusukuluzi, mchere amathira ndani?" Tione ngati chitupa chija chidzamuyankhire...