Nguluwe ya m'bango ndi mwendo wa alamu

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Chifuwa cha amayi chija chinaleka? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Muwerenge kalatayi mutakhala pansi.

Paja mukudziwa kuti ine ndi alamu, amuna a mlongo wathu, timagwira ntchito pagalaja limodzi. Mwini galajayo, amene timangowatchula kuti a Chimimba, anatitenga kutchire kukasaka, ine woyendetsa galimoto, alamu onyamula katundu. Njira yonse ankadzitama kuti ulendo wabwino wosaka ndi tenti yosadontha, mfuti yatsopano ndi mowa wozizira. Ndinkangoti eya bwana. Munthu wopita kutchire atadzithira perefyumu ungamuuzenso chiyani?

Tinakhoma tenti pafupi ndi kamtsinje. M'mawa mwake a Chimimba anawombera nguluwe, koma chipolopolo chinalowa m'mimba, osati paphewa. Inalira n'kuthawira m'bango matumbo akukwekwereka. Ndinawauza zimene bambo ankatiphunzitsa, kuti nguluwe yovulala suitsatira m'bango, umakhala pansi n'kudikira magazi aithere. Anandiseka kuti ndine wamantha, ati nyama iwonongeka ndi dzuwa. Kenaka anapatsa alamu poto ndi supuni kuti alowe akuliza, iwo aidikire potulukira. Alamu mumawadziwa, munthu wamkulu samukanira. Analowa.

Achimwene, chibadwire sindinamvepo munthu akukuwa chonchija. Nditathamangirako ndinapeza yawagwetsa chagada, ikuwang'amba ntchafu ndi mano ake aja ngati munthu akutumbula thumba, magazi ali chuchuchu. A Chimimba m'malo moyandikira anawombera ali potero. Chipolopolo chinaphonya nguluwe n'kuphwanya bondo la alamu. Ine ndinaimaliza ndi nkhwangwa yathu yowazira nkhuni. Ndinaitema pamutu, kuitema, kuitemanso, mpaka mpini unathyoka, uku ndikulira ngati mwana.

Ndinamanga mwendowo ndi lamba wanga n'kuwabereka mpaka pagalimoto. Ndiye tamverani izi. A Chimimba aja akuti tiyambe takweza nguluweyo, komanso kuchipatala tikanene kuti bondolo yaphwanya ndi nyama yomweyo. Ndinawamenya, sindibisa. Chibakera cha pakamwa, mano waa pansi, ndipo ndinawasiya atakhala m'matope, tenti yawo yosadonthayo ikuwayang'ana. Apolisi anakawatenga okha n'kuwalanda mfuti. Ine anandifunsa mafunso n'kunditaya. Ntchito ndiye yatha, ndipo sindikudandaula.

Madokotala anayesetsa, koma mwendo unayamba kuda. Adula dzana, pamwamba pa bondo. Alamu ali moyo. Koma dzulo anandigwira dzanja n'kundipempha kuti mlongo wathu asamve, ati anakwatiwa ndi munthu wamiyendo iwiri, asavutike ndi chitsa. Akufuna ndimulembere kuti anasamukira kwina ndi ntchito. Nditakana anatembenukira kukhoma, chakudya osachikhudza. Lero anesi achita kuwakakamiza madzi. Ndikuopa, achimwene. Bala likupola, koma munthuyo akutisiya tikuona.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi lolemera, koma ndinu wamkulu, mutu ukakula sulewa nkhonya. Musamuimbire foni mlongo wathuyo. Pitani nokha mukamuuze pamaso, amayi ali pomwepo, kenaka mumukweze basi abwere, ine ndikamuchingamira kudepoti. Mumuuze kuti alire m'basimo, alire mpaka amalize. Akamadzalowa m'chipinda cha odwalacho asadzayambe ndi kuyang'ana pabulangete. Adzayang'ane mwamuna wake kumaso, chifukwa iwo adzakhala akumuyang'anitsitsa kuti aone ngati akadali ndi mkazi.

Mupereke moni kwa amayi, amalume, akunyumba kwanu ndi ana onse. Ana a mlongo wathu musawauze kanthu kaye, adzamva kwa mayi awo.

Ndine mng'ono wanu,
Kasipanala