Bwerani Mudzadule Nthochi ya Lettie

Muloza, Mulanje
14 Meyi 2023

Okondedwa achimwene a Harold,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Foni yanga inapita ndi madzi, koma ngakhale ikanakhalapo, zimene ndikulembazi sindikanatha kuzitulutsa pakamwa.

Kuno tikukhalabe m'chisakasa cha malata otola, pafupi ndi tchalitchi. Pamene panali nyumba yathu pali miyala ikuluikulu, simungapazindikire. Alamu anu a Spencer abwerera kukathyola tiyi sabata yatha. Mwana wathu Kondie chifuwa chija chamusiya.

Papita miyezi iwiri chitsikireni napolo, ndipo mwana wanga Lettie sanapezekebe. Anthu anakumba mpaka makasu kuthyoka. Ena anatsata mtsinje mpaka kutsidya ku Mozambique, osapeza ngakhale nsapato yake. Tsono akuluakulu a banja akhala akundiuza kuti tidule thunthu la nthochi, tilikulunge m'nsalu, tiliike m'manda m'malo mwa mwanayo, kuti maliro atsekedwe. Inunso munatumiza mawu omwewo kawiri konse. Ndinakana, ndipo ndikudziwa kuti munakhumudwa. Ndinati ine sindinabereke nthochi ayi.

Munkaganiza kuti ndi liuma langa lija. Pang'ono linalipo, koma chenicheni ndi ichi. Ndinakuuzani kuti Lettie anatuluka yekha m'mawa umenewo. Linali bodza, achimwene. Ndine ndinamutuma. Ufa wa azakhali a Hawa unali utanyowa, ndiye ndinamupatsa Lettie kambale ka ufa kuti akawasiyire kutsidya kwa khwawa. Anati, “Amayi, mvulayi ikundiopsa.” Ine ndinati, “Iwe, mvula imaluma? Thamanga ubwere msanga.” Mawu omaliza amene mwana wanga anamva kwa mayi ake ndi amenewo.

Ndiye ndikanavomera bwanji manda? Kuvomera kunali ngati kunena kuti ndamupha ndine.

Ndinapemphera, achimwene, ine ndinapemphera! Poyamba ndinkati, “Mulungu, mundibwezere wamoyo.” Patapita masabata atatu ndinatsitsa, ndinati, “Ngakhale thupi lokha.” Kenaka ndinafika popempha kansalu ka diresi lake basi. Ndinkachita ngati ndikunenerera pamsika wa Limbuli, kuganiza kuti ndikapempha zochepa mwina andimvera. Koma mawu akuti Atate sankatuluka. Ndinkaona kuti munthu ngati ine ndilibe nkhope yowatchulira.

Lachinayi lapitalo, amayi a chigwirizano atabalalika, ndinatsala ndekha pabenchi. Mayi Agatha, aja ogulitsa nanazi, amene napolo yemweyo anawatengera ana atatu, anabwerera nadzakhala pambali panga. Anandifunsa, “Amake Lettie, mukamapemphera mumati chiyani?” Nditawauza, anapukusa mutu.

“Aaa, inu, mukupempha ngati mlendo woima pakhomo. Mwana sanenerera kwa bambo ake. Amalowa ndi matope ake omwe, n'kunena zonse.”

Ndinati, “Nanga inuyo anakupatsani chiyani?”

Anati, “Ana sanandibwezere. Koma m'mawa uliwonse ndimadzuka, ndipo mphamvuyo si yanga.”

Atachoka ndinagwada. Sindinapemphe thupi, sindinapemphe nsalu. Ndinangoti, “Atate, ndine ndinamutuma. Ndipatseni chimene mukuona kuti ndikusowa, ine sindikudziwanso chopempha.” Ndinalira mpaka mawu kusasa.

Nditafika kunyumba ndinapeza a Spencer akukonza dengu lawo la tiyi. Chichitikireni ngoziyi tinkangodutsana ngati anthu okumana pa depoti. Sindikudziwa kumene kulimba mtima kunachokera, koma ndinakhala pansi n'kuwauza zonse. Ndinkadikira kuti anditukwane, mwinanso kundisiya.

Anaika dengu pansi. Anati, “Amake Lettie, ndinamva. Ndinali kuseri ndikutseka madzi. Ndinamva mukumutuma, ndinamvanso akuti akuopa, ine osanena kanthu. Miyezi yonseyi ndimaopa kuti mukudziwa zoti ndinali pomwepo.”

Mayo ine! Anthu awiri m'chisakasa chimodzi, aliyense atasenza mtembo womwewo payekha. Tinagwirana manja n'kulira mwana wathu limodzi, koyamba.

Sindikunena kuti ndamvetsa zonse. Ndinapempha mwana, sindinamulandire, ndipo mtima ukuwawabe kwambiri. Koma ndaona kuti Atate sanandibweze chimanjamanja. Andipatsa chimene sindinaganize n'komwe kupempha, ndipo tsopano ndikhulupirira kuti kumene madzi anamusiya Lettie, iwo akudziwako, ndipo sanamutaye.

Choncho ndavomera. Mwambo tidzachita pa 3 Juni, abusa avomera kudzapemphera. Inu ndinu malume wake, ndipo kwathu kuno wodula nthochiyo ndi malume. Ndikupemphani mubwere. Musavutike ndi katundu, mungobwera ndi manja anuwo. Akuluakulu andifunsa kale msinkhu wake kuti thunthulo lidzalingane naye. Ndinaloza pachifuwa panga, pamene mutu wake unkafika akandikumbatira. Mukadzafika mudzayezere pomwepo.

Muwapatse moni alamu ndi ana onse. Akupatsani moni a Spencer, azakhali a Hawa, amene akudziimba mlandu nawonso ndipo mawa ndikupita kukawaona, komanso ana, Kondie ndi Sophie. Dzanja langa linazolowera kulemba ana atatu pamenepa, ndipo lakana kuima. Landiraninso moni wa Lettie, amene ali kwa Atate.

Ndine mlongo wanu,
Eneles