Magazi akunenedwa kumudziwo ndi anga

Zomba, Okutobala 1916

Kwa a Veronika, ku Chongoni,

Ndine Alufeo, mlongo wanu. Zaka zanga sindizidziwa, koma ndevu ndinali nazo kale pamene azungu ankamanga boma pa Dedza. Akundilembera ndi aphunzitsi a kuno, ine ndikungonena. Kodi muli bwanji? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine ndilipo, kungoti thupi latopa ndi kutunga madzi a pachipatala, ndipo malungo a kuno sandisiya.

Wamtengatenga wina wandiuza kuti a Zefaniya akufuna kubweza mawu pa ukwati wa mwana wawo Sibongile ndi Bonifasio wanu. Ati amva kuti mnyamatayo amatenga magazi a anthu. Mumve bwino, ndinene pang'onopang'ono.

Dokotala amene ankaphunzitsa Bonifasio ndi anzake pachipatala pano anapita kunkhondo. Anawasiyira galasi lokulitsa zinthu, nawauza kuti nzeru ya tizilombo ta m'magazi ndi yatsopano, ngakhale azungu kwawo sanaimalize, choncho asadikire munthu. Ndiye Bonifasio ndi anzake amadziphunzitsa okha. Amabaya chala, kupaka kadontho pa kagalasi, kuthira utoto, n'kuyang'ana. Aliyense amajambula payekha zimene waona, kenaka amafananitsa. Zikasiyana amakangana mpaka kuyambiranso.

Poyamba ankadzibaya okha, koma sankapezamo kanthu. Wa malungo amene anali pafupi ndinali ine, ndipo dzanja ndinapereka ndekha. Ndikamanjenjemera amabaya, ndikachira amabayanso kuti aone kusiyana kwake. Zala zonse zili timabala, moti chingwe cha pachitsime ndimagwira movutika. Tsiku lina Bonifasio anati ndiike diso pagalasipo. Ine ndinangoona timadontho, koma iye anati, "Malume, kamene kamakugwetsani ndi kameneko."

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa a Zefaniya mvula isanagwe. Ndikanabwera ndekha monga malume ake a Bonifasio, koma mapiriwo sindingawakwerenso. Mwini wakeyo sindinamuuze. Akamva asiya galasi n'kuthamangira kumeneko, apo ayi akhala kuno n'kutaya mkazi. Mukawauze kuti magazi akunenedwawo ndi anga, ndipo ine sindinadandaule kwa munthu.

Moni kwa alamu anga, ana anu ndi zidzukulu zonse. Mundiyankhe msanga zimene akanene a Zefaniya. Mnyamatayu akandigwira chala amandifunsa za kumudzi, ndipo ndatopa n'kuyang'ana kumbali.

Ine mlongo wanu,
Alufeo