Moni wa amalume pa Chitakale

Lachinayi madzulo. Tsiku loipa, ndipo ndaliipitsa ndekha.

Pagulu lathu lokonzekera mayeso olowera ku koleji tinapangana kuti tizilankhula Chingerezi chokhachokha mpaka tidzalembe, poti galamala ndi chimangirizo ndi zimene zikutigwetsa. Wophwanya pangano amasesa kalasi.

Poweruka ndinakumana ndi amalume pa Chitakale, akukankha njinga yodzaza zinanazi. Anandipatsa moni m'Chilomwe, nkhope ili mwee. Esinati ndi anzanga ena anali pambali panga, makutu ali tcheru. Ndinawayankha m'Chingerezi, ndili chiimire, osanjuta n'komwe. Zonsezi kuopa tsache.

Amalume anavula chipewa. "Zikomo, madamu," anatero, mmene amachitira akakumana ndi abwana a ku esiteti. Anzanga anaseka. Nanenso ndinaseka.

Kunyumba ndapeza chinanazi chachikulu pakhonde. Amayi akuti, "Asiya amalume ako. Akuti udye, mutu uzigwira bwino pa mayeso." Za kumsewu zija amalume sanawauze amayi.

Ndatsegula buku la galamala, koma chinanazicho chikununkhira nyumba yonse. Mawa ndipita kwawo ndikagwade. Mawu oyambira ndi amene ndilibe, m'chilankhulo chilichonse.