Nkhuku Ziwiri za Khirisimasi

Lachisanu, 19 Disembala 2014

Tayamika waimba foni ndili kuntchito ku Westville. Akuti abwera pa Khirisimasi, iyeyo, amuna ake a Shamsudin ndi mwana. Ndinangoyankha kuti "yebo, sharp" poti madamu anali pafupi, koma kusita ndinasiyira pomwepo. Chilowereni Chisilamu ndi kukwatiwa, mwana wangayu sanapondenso pakhomo pathu ku Queensburgh. Mdzukulu wanga Zuwena ndimangomuona pa foni.

Madzulo ndawauza bambo ake, a Kenson. Angoti, "Njira akuidziwa." Kenaka akweza wailesi.

Loweruka, 20 Disembala

Madamu andipatsa chitini cha mabisiketi ndi nyama ya nkhumba, monga amachitira chaka ndi chaka. Nyamayo sindinalowe nayo m'nyumba, ndapatsa gogo eni nyumba. A Kenson atamva anati, "Ndiye ife tiyambe kusala chifukwa cha alendo?" Ndinati ndi tsiku limodzi lokha. Iwo anati zimayamba choncho.

Lolemba, 22 Disembala

Ndagula nkhuku zamoyo ku msika wa ku Warwick. Tambala R85, thadzi R70. Poto watsopano, ndi kadiresi kachikasu ka Zuwena. Kaya kamukwana.

Kwathu ku Balaka, pa ukwati kaya pamaliro, timaitana Msilamu kudzachinja mbuzi kuti aliyense adye. Ndiye ndati akamwini akafika adzachinje okha, pasakhale chokayikitsa.

M'teksi tambala analira mukatoni. Bambo wina ananena nthabwala m'Chizulu, onse kuseka. Inenso ndinaseka koma osatsegula pakamwa, angamve kuti sindine wa kuno.

A Kenson anasuzumira mukatoni muja n'kunena kuti, "Nkhuku ya Khirisimasi pakhomo pano amapha ndine. Chiyambire."

Ndinati, "Akapanda kuchinja Msilamu anawa sadya."

"Adya mpunga."

Ndinangotseka katoni.

Lachiwiri, 23 Disembala

Tambala wayamba kulira kusanache. Gogo akuti kuno si kumudzi.

Masana Taya waimbanso. Akuti, "Amayi, a Shamsudin ndachita kuwachonderera. Abale awo amati akapita kumeneko akadyetsedwa zosayenera. Zikachitikadi iwo sanena kanthu, mukuwadziwa, koma sitidzabweranso." Ndinati mwana wanga usadandaule, zonse zili m'malo mwake. Zili m'malo mwake kuti?

China chondivuta: mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sayankhulana ngati anthu ena onse. Nanga m'chipinda chimodzi chino, bedi apa, sitovu apa, ine ndikayang'ana kuti?

Lachitatu, 24 Disembala

Ndachapa makatani. Mandasi ndakazinga. A Kenson apita kuntchito kudoko, shifiti ya usiku, aweruka mawa mmawa. Asananyamuke amasankha nyimbo za kwaya za kumudzi zoti aike mawa. Ndinati mudzaike motsitsa, anthu oyandikana nawo angamve Chichewa. Akuti pa Khirisimasi palibe amamvetsera za mnzake.

Mpeni ndaubisa m'thumba la mpunga.

Lachinayi, 25 Disembala, mmawa

Eish.

Ndabwera kuchokera ku mapemphero oyamba, ndapeza tambala ali m'beseni, wososola kale. A Kenson pofika anakumana ndi gogo pageti, gogoyo anawakalipira za kulira kwa tambala kuja anthu akuona. Iwo analowa, mpeni osaupeza, anatenga chikwanje. Potsegula katoni thadzi linawadutsa pansi pa mkono, kulumpha mpanda, ulendo wa kutchire la kunjanji. Sanalitsatire. Akhala pampando ndi malaya a ku tchalitchi, kwaya ikuimba, sakundiyang'ana.

Masitolo a nyama yochinja ali kutali, ndipo alendo ali kale m'njira. Ndikhoza kungonena kuti anachinja a Sidik, a ku Mangochi aja amasoka zovala pa siteshoni. Angadziwe ndani? Ambuye ndikhululukireni, ndaganiza zimenezi pa tsiku lanu lobadwa.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Anafika dzuwa lili pamutu. Taya wanenepa, wavala mpango wobiriwira. Ndinamukumbatira ndikulira. A Shamsudin anagwada pakhomo, maso pansi, kuwalonjera a Kenson ndi manja awiri, n'kuwapatsa malaya atsopano m'pepala. A Kenson anati zikomo, malayawo n'kuwaika pabedi osatsegula.

Taya anapita kusitovu, anavundukula beseni.

"Amayi, wachinja ndani?"

Dzina la a Sidik linali kale pa lilime. Ndisanalitchule, a Kenson anayankha ali pampando pomwepo.

"Ndine."

Kwaya yokha ndiyo imaimba. Taya anavundikiranso beseni pang'onopang'ono, anatenga chikwama cha mwana n'kuchikoleka paphewa.

A Shamsudin anayankhula kwa mkazi wawo, osayang'ana kwa ine. "Tawafunsa amayi, paja pa foni anati nkhuku ndi ziwiri?"

Ndinati, "Taya, uwauze kuti inayo yathawira kunjanji."

A Shamsudin anavula kofia ndi mkanjo n'kumupatsira Taya, anapinda thalauza, kulumpha mpanda. A Kenson anaima pawindo. Anaonerera kanthawi, kenaka anati, "Akuithamangitsira kolakwika. Munthu wa kunyanja adziwa chiyani za nkhuku?" Anatuluka, nsapato za ku tchalitchi zili kuphazi.

Zimene zinatsatira! Anthu awiri akuluakulu kukuwa Chichewa msewu wonse kumva.

"Tsekerezani uko, inu!"

"Bambo, ili kumiyendo kwanu!"

"Si nsomba iyi, musaiweramire, idumphireni!"

Oyandikana nawo anatuluka n'kutsamira mipanda. Ine ndimati lero atidziwa tonse kuti ndife obwera. Koma anthu amangoseka, gogo ndiye amakuwa kuposa onse m'Chizulu kuti aigwire, "Bamba! Bamba!" Taya anaima pakhomo, chikwama chikadali paphewa, osaseka.

Anabwera patapita nthawi ndithu, onse chisoso thupi lonse. Thalauza la a Kenson lang'ambika pabondo. Thadzi linali m'khwapa mwawo, iwo wefuwefu. Ndimaopa kuti alipotola khosi pomwepo kuti aonetse kuti pakhomo ndi pawo.

A Kenson anazungulira kuseri kwa nyumba, anagwada pa dothi, anaponda mapiko, miyendo n'kuigwira ndi dzanja. Anakweza maso.

"Akamwini, pochinja mutu uloze kuti?"

"Kumpoto, bambo. Kupendekera kummawa pang'ono."

A Kenson anatembenuka ndi mawondo, nkhuku ili m'manja. "Apa?"

"Pomwepo."

Taya anatsitsa chikwama, anandiika Zuwena pamiyendo, n'kukatenga poto watsopano uja.

Mpunga unapsa kalekale, wazizira, tidya mochedwa. Panja ndikumva a Kenson ndi a Shamsudin, omwe aichinja, akutsutsana za yemwe anaigwira. Ndikulemba ndi dzanja limodzi, linalo Zuwena wagonera.